Chikwatu Chotsiriza cha Amake Tereza

M'khitchini mwanga, kumudzi kwathu kufupi ndi Nguludi, munali chinthu chimodzi chimene ndinakhala miyezi isanu ndi inayi osachikhudza. Chinali chikwatu cha mfutso, chopachikidwa pa phaso pamwamba pa mafuwa, pamene utsi umafika tsiku ndi tsiku. Anachimanga ndi mkazi wanga, amake Tereza, dzinja lawo lomaliza litangotha. Anathyola chitambe, masamba a khobwe, m'munda mwathu, anachifutsa, anachiyanika pamphasa, kenaka anachikulunga m'masamba a msuku n'kumanga ndi luzi. Zikwatu zinalipo zinayi. Zitatu zinadyedwa pamaliro awo mu Okutobala. Chachinayi ndinapempha azimayi kuti achisiye, ndipo anachisiya osandifunsa chifukwa. Akanandifunsa sindikanayankha, poti nanenso sindinkadziwa chimene ndinkachisungira.

Lachiwiri lina mu Julaye, ndikuchokera ku Misa ya m'mawa, foni inalira m'thumba. Anali a Mwale, mkamwini wanga, amene amakhala ku Lilongwe ndi mwana wanga Tereza. Panali patapita masabata atatu Tereza atabereka mwana wake woyamba, wamkazi, kudzera pa opaleshoni. Zimenezo ndinkazidziwa, ndipo Misa yothokoza ndinali nditaperekera kale. Chimene ankandibisira n'chakuti chitulukire m'chipatala Tereza sankadya. Bala linkapola bwino, madokotala sanapeze vuto lina, anangopereka mankhwala n'kunena kuti azidya mokwanira. A Mwale anayesa nkhuku, nsomba, zipatso, phala la mitundumitundu. Tereza ankati akalawa kawiri n'kutembenukira kukhoma. Mkaka wa m'mawere unayamba kuuma, ndipo khanda linkakana wa m'chitini, linkangolira.

"Dzulo ndiye wanenako chinthu chimodzi, bambo," anatero a Mwale. "Akuti akanakhalapo amayi akanandiphikira mfutso wotendera. Atatero wayamba kulira."

Ndinawauza kuti ndifika Lachinayi.

Tsiku lomwelo ndinakwera pampando n'kutsitsa chikwatu chija. Chinali chitada bii ndi mwaye, chopepuka ngati mulibe kanthu. Ndinachigwedeza pafupi ndi khutu, ndipo ndinamva kuti m'kati mukuchita phokoso la zouma, koma sindikanatha kusiyanitsa ngati anali masamba kapena fumbi losiyidwa ndi tizilombo. Chikwatu chimasunga ndiwo chaka chimodzi bwinobwino, koma ichi chinali chitapitirira ndi miyezi itatu. Achemwali anga, amene anandisinjirira mtedza woti nditenge, anati ndichiboole tione, kusiyana n'kukafika nacho kutali chili chopanda ntchito. Ankanena zoona. Koma ndinakana. Ndinkaopa kupeza fumbi ndili kuno, n'kusowa chopitira nacho kwa mwana wanga. Ndinachikulunga m'chitenje cha malemu, ndinaika nsinjiro ndi zovala m'chikwama, n'kusiya nkhuku m'manja mwa achemwaliwo.

Lachinayi ndinanyamuka kukungocha, kukuzizira kolowa m'mafupa. Kabaza ananditula kumsewu waukulu, ndipo minibasi ya ku Limbe sinachedwe. Kondakitala ankafuna kuti katundu wanga alowe pansi pa mpando, pamene panali kale ndowa ya nsomba yodontha madzi. Chikwama ndinamupatsa, koma chikwatu ndinachikhazika pamiyendo. Anati madala, chimenecho chikudya malo a munthu. Ndinamuyankha kuti chikudya malo anga, ndipo ndinapanikizika nacho mpaka ku Limbe, kenaka m'minibasi ina mpaka ku Wenela.

Ku Wenela oitanira anandilanda chikwama ndisanatsike bwino. Aliyense ankalumbira kuti basi yake yatsala anthu awiri okha. Ndinasankha imene inali italiza kale injini, ndikuganiza kuti imeneyo ndiyo yanyamuka. Ndinalipira twente faifi sauzande, ndinakhala pansi seveni koloko isanakwane, ndipo injiniyo inalira choncho tili pamalo omwewo mpaka teni koloko itadutsa. Mlaliki wina analowa, analalikira za Yona, anatolera chopereka n'kutuluka. Analowa wogulitsa mankhwala a mano, analowa wa mabisiketi, analowanso mlaliki wina amene anayambira pomwe mnzake analekezera. Ine ndinatulutsa kolona n'kumapemphera chamumtima, ndikuwerenga maola amene mdzukulu wanga akulira.

Mpando wa pambali panga panadzakhala mayi wina wojintcha, wofunda mpango kumutu monga amachitira Asilamu, atakweza madengu awiri a nandolo wamuwisi. Anadikira mpaka nditamaliza kolona n'kuibweza m'thumba, ndiyeno anandipatsa moni. Anati ndi Abiti Juma, kwawo ndi ku Mbulumbuzi, anabwera kudzazonda amayi awo, koma amakhala ku Lilongwe kumene ali ndi malo odyera pafupi ndi depoti. Atatero anakoka mpweya ndi mphuno kawiri, n'kuyang'ana chitenje chili pamiyendo panga.

"Utsi umenewo ndi wa kwathu," anatero. "Ndi cha chitambe kapena cha nkhwani?"

Ndinaseka, koyamba chiyambire sabata imeneyo. Tisanafike pa Lunzu anali atadziwa kale nkhani yonse, ngakhale kuti ine si munthu woyankhulayankhula ndi alendo.

Pa Zalewa tinatsikira m'chigwa n'kuyamba kuvula majuzi. Ogulitsa anazinga basi ndi mazira owiritsa, malambe ndi tchipisi. Ine ndinali ndi mbatata yanga yootcha, ndipo ndinagawana ndi Abiti Juma, iwo n'kundipatsa zitumbuwa. Phalula, Manjawira, Chingeni, tinadutsa bwino. Pa Ntcheu dalaivala anakhotera pamalo omwetsera mafuta pamene panali mzere wa magalimoto, ndipo tinataya ola lathunthu. Anthu anang'ung'udza, ena anatsika kukafuna chimbudzi, wina anatsala pang'ono kusiyidwa. Titayamba kukwera mapiri a ku Biriwiri, basi inayamba kutsokomola ngati nkhalamba. Titangodutsa Mlangeni panamveka fungo la mphira wopserera, nthunzi inatuluka kutsogolo, dalaivala n'kuimika pambali pa msewu. Paipi ya madzi inali itaphulika. Kondakitala anakwera njinga yamoto kubwerera ku Ntcheu kukasaka ina. Nthawi inali itadutsa wani koloko.

Kumeneko ndi kumtunda, mphepo yake imacheka makutu ngakhale dzuwa likuwala. Tinakhala pa udzu kuseri kwa basi, aliyense atakumbatira maondo. Ndinaimbira a Mwale kuwauza kuti tichedwa, ndipo kumbuyo kwa mawu awo ndinamva kulira kwa khanda, kotopa, kosasa. Ndinadula foni n'kuibweza m'thumba. Abiti Juma anasendera pafupi nane. Anafunsa kuti kodi akaphike mfutsowo ndani, poti wodwala sangaime pamoto. Ndinati ndikaphika ndine. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa. Ndinawauza kuti chimwalirire mkazi wanga ndimadziphikira ndekha, ndipo mfutso ndinauona ukuphikidwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Nsinjiro ndatenga, matimati ndikagula komweko, mchere sungasowe m'nyumba.

"Nanga chidulo?"

M'zinthu zonse zimene ndinalongedza, chidulo sichinandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono. Ndinati ndikagula soda kugolosale, poti anthu ambiri masiku ano amathira soda. Anapukusa mutu. Anati soda amafewetsa ndiwo, zoona, ndipo kwa makasitomala awo masiku ena amathira yemweyo. Koma mwana wanga sakufuna ndiwo zofewa. Akufuna zimene lilime lake linazolowera ali wamng'ono, ndipo akangolawa soda adziwa pomwepo kuti si zimenezo, n'kutembenukiranso kukhoma. Phulusa la makala a m'tauni nalonso silingathandize. Anandifunsa chimene malemu ankaotcha akafuna phulusa la chidulo, poti amayi amasiyana: ena mapesi a nandolo, ena makoko a nyemba, ena makoko a nthochi.

Ndinayamba ndanena kuti sindikudziwa. Kenaka ndinakumbukira thumba limene linkakhala kuseri kwa chitseko cha khitchini. Tikamaliza kutonola chimanga, amake Tereza ankasankha zitsononkho zoyera n'kuzisunga m'menemo, ndipo ankakalipa ndikatapako kuti ndikolezere moto. Ankaziotcha pazokha pa phale, kunja, osasakaniza ndi nkhuni. Ine ndinkangodandaula za utsi. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti ndi khalidwe lawo chabe losataya zinthu, monga ankasungira mabotolo ndi timapepala ta shuga. Thumba lija ndinali nditalikolezera moto lonse m'miyezi yoyamba ya umasiye wanga.

Abiti Juma anaimirira n'kukutumula chitenje chawo. Kumanzere kwa msewu, chapatali pang'ono, panali nyumba zitatu ndi nkhokwe, ndipo pakhonde panali mayi akutonola chimanga, mulu wa zitsononkho uli pambali pake. Anati tiyeni. Bambo wina wovala tayi, amene tsiku lonse ankatifotokozera zandale, anatichenjeza kuti kumeneko ndi ku Mozambiki, malire ndi msewu womwewu, ndipo anafunsa ngati tili ndi mapasipoti. Anthu anaseka. Ine ndinazengereza, poti sindinaphwanyepo lamulo mwadala. Koma ndinaona ana akuoloka uku ndi uku ndi nzimbe, mbuzi nazonso chimodzimodzi. Ndinanyamula chikwatu changa n'kutsatira. Umo ndi mmene ndinatulukira kunja kwa dziko lino koyamba m'moyo wanga, ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zinayi, kukapempha zitsononkho.

Mayi wa pakhomopo anatilonjera m'chiyankhulo chathu chomwechi. Atamva nkhani yathu sanadabwe konse. Anatipatsa chidutswa cha lata, anatipalira moto kukhitchini kwake, n'kutisankhira yekha zitsononkho zouma bwino. Ndalama anakana. Anati za mwana wobadwa kumene sagulitsa. Tinaziunjika palata kuseri kwa nkhokwe kumene mphepo sinkafika kwambiri. Abiti Juma anandilangiza kuti ndisazitakase, ndizisiye zipse zokha mpaka phulusa lituwe lonse, lisatsale lakuda. Kenaka anapempha madzi n'kupita kuseri kwa nyumba kukaswali, kupemphera kwawo kwa Chisilamu, poti nthawi yawo inali itakwana. Ndinatsala ndekha ndikuyang'anira moto, diso lina lili kubasi.

Utsi wake utandifika m'mphuno ndinauzindikira. Unali womwe uja ndinkadandaula nawo. Ndinakhala pa chitsa, chikwatu pamiyendo, osadziwa ngati maso akuyabwa chifukwa cha utsi kapena china.

Zitsononkho sizipsa msanga ukamazifulumiza ndi mtima. Dzuwa linali litapendeka pamene njinga yamoto inabwera ndi kondakitala, ndipo posakhalitsa ndinamva injini ikulira. Phulusa linali litatuwa koma likadali lamoto. Hutala inalira kamodzi, kawiri. Mayi uja anathamangira m'nyumba n'kubwera ndi chitini chakale cha mkaka, tinakokoleramo phulusalo ndi chipande, ndipo linatentha mwakuti ndinavula juzi n'kukulungiramo. Abiti Juma anatapa nandolo m'kathumba kamene anatenga n'kumusiyira mayiyo. Tinathamanga, ine nkhalamba ndi iwo ojintcha, basi itayamba kale kusuntha. Bambo wa tayi uja ndiye anamenya bodi kuti dalaivala aime, ndipo titalowa analengeza kuti alendo ochokera kunja afika.

Pa Lizulu anthu anagula kabichi ndi mbatatesi kudzera pamawindo, basi n'kudzaza mpaka m'kanjira. Ine ndinagula matimati a faifi handiredi. Titadutsa Dedza tinaimitsidwa pa rodibuloko, n'kutiuza kuti titsike tonse aliyense ndi katundu wake wa m'manja. Wapolisi amene anafika pa ine anali wachinyamata, waulemu ndithu, koma maso ake anakakamira pa chitenje chimene ndinachikumbatira pachifuwa. Anandiuza kuti ndimasule. Ataona mpira wakuda wa masamba, womangidwa ndi luzi, nkhope yake inasintha.

"Madala, umu muli chiyani?"

"Ndiwo."

"Nanga m'chitinimu?"

"Phulusa."

Anthu amene anali pafupi anaseka, koma iye sanaseke. Anati anthu amanyamula chamba m'njira zambiri, ndipo okalamba ndiwo amatumidwa chifukwa sakayikiridwa. Anatulutsa mpeni kuti achidule pakati. Sindimuimba mlandu mwanayo. Mwina anakulira m'tauni, chikwatu sanachionepo, ndipo ntchito yake ndi yokayikira. Koma chikwatu chikadulidwa pakati sichimangikanso, ndiwo zake zimangomwazika. Ndinamugwira dzanja, chinthu chimene sindinachitepo kwa munthu wa boma, n'kumupempha kuti ngati n'kutsegula atsegule mwa mwambo wake. Abiti Juma anali atayamba kale kukweza mawu, kumufunsa ngati amayi ake anamulera ndi masoseji okhaokha.

Phokosolo linakoka wapolisi wina wachizimayi, wachikulire, amene ankaoneka kuti ndiye mkulu pamenepo. Anachitenga chikwatu m'manja onse awiri, anachitembenuza, n'kupeza pamwamba pamene masamba amakumana. Anapatula luzi pang'ono, analowetsa zala ziwiri, monga mmene amake Tereza ankachitira. Sindinkaopanso zachamba. Ndinkaopa chimene ndinakana kuona kumudzi, kuti zala zimenezo zituluka ndi fumbi pamaso pa anthu onsewa.

Zinatuluka ndi masamba. Opotanapotana, obiriwira mwakuda, athunthu. Anawafikisa pang'ono, anawanunkhiza, n'kupatsa mnzake uja kuti anunkhizenso.

"Ichi ndi chitambe, mwana iwe," anatero. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Amene anamanga ichi, bambo, ankaidziwa ntchito yake. Mulibe ngakhale kachilombo kamodzi."

Ndinangoti zikomo. Anabwezeramo masamba aja mosamala, anatseka pobowoka paja n'kundipatsa. Za phulusa sanafunse n'komwe, anangoti chidulo chake chikhale chosapitirira muyezo. Wachinyamata uja anapepesa, ndipo ndinamuuza kuti wandithandiza kuposa mmene akudziwira. Kuchokera pamenepo mpaka ku Nathenje sindikumbukira chimene ndinaona panjira. Ndinkangothokoza Mulungu, chitini chikunditenthetsa mwendo.

Tinalowa mu Lilongwe dzuwa likulowa. Foni yanga inali itazima, ndipo nambala ya a Mwale inali m'foni momwemo. Ndinaima pakati pa depoti, anthu akundigunda mbali zonse, osadziwa kolowera. Abiti Juma anati sangandisiye pamenepo. Tinayenda pang'ono, anyamata a mawilibala atanyamula madengu awo, mpaka pa kanyumba ka malata kopaka utoto wobiriwira, kokhala ndi mabenchi anayi. Mng'ono wawo, amene ankayang'anira malowo iwo kulibe, anaika foni yanga pamagetsi kuti ilowe moto n'kundipatsa madzi osamba m'manja.

Ndivomere kuti ndinali ndi maganizo anga pa zakudya za m'tauni. Malemu ankati anthu a kumeneko amadya mafuta okhaokha, ndipo ine, ngakhale sindinkanena, ndinkagwirizana nawo. Koma chimene anandiikira patsogolo chinanditsutsa. Unali mpunga wa kumpoto, wonunkhira usanafike patebulo, nkhuku yachikuda yophikidwa pang'onopang'ono mpaka nyama kulekana ndi fupa, msuzi wake wa matimati ndi anyezi basi, ndi kambale ka therere lofewa bwino. Pabenchi lina panali madalaivala, amayi a mumsika ndi bambo wa jekete amene anaimika galimoto yake yokongola panja, onse akudya ndi manja mwakachetechete. Ndinadya mpaka ndinachita manyazi. Pamene ndinkapisa m'thumba Abiti Juma anandiletsa. M'malo mwake anabweretsa chitini china chobowola pansi ndi msomali, anandionetsa mmene ndiyalire tiudzu pansi pake, phulusa lochuluka bwanji, madzi ochuluka bwanji, ndi mmene ndidzalawire ndi nsonga ya lilime. Anandibwerezetsa kawiri ngati mwana wa katekisimu.

A Mwale anandipeza pomwepo n'kunditengera kwawo ku Eriya 25. Tereza ndinamupeza atagona, khanda lili pambali pake. Ndinali nditakonzekera, komabe ndinadzidzimuka. Masaya anali atalowa, mikono ngati ya mwana wa sukulu. Anati ababa mwabweradi, n'kuyesa kumwetulira. Kenaka anaona chitenje cha amayi ake. Anatambasula dzanja n'kuchigwira pakona. Ndinamuuza kuti mawa masana adya ndiwo za kwawo.

M'mawa mwake ndinakana chitofu chamagetsi, ndinapempha mbaula n'kukhala nayo kuseri kwa nyumba. Ndinacheza chidulo monga anandiphunzitsira, madzi akudontha pang'onopang'ono m'kambale, ofiirira ngati tiyi wosalowa. Ndinalawa. Chinaluma lilime n'kuterera, ndipo ndinaopa kuti chaposa, ndiye ndinathirako madzi. Ndinatapa mfutso manja awiri, ndinautsuka, ndinauika pamoto ndi chidulocho. Amayi oyandikana nawo nyumba ankadutsadutsa kumpanda ngati akukayanika zovala, kufuna kuona nkhalamba imene yabwera kuchokera ku Chiradzulu kudzaphikira mwana wake. Mmodzi anadzipereka kuti andithandize. Ndinathokoza n'kukana. Masamba atafewa ndinathira matimati, ndinadikira, ndinathira nsinjiro pamwamba osatakasa, monga ndinkaonera, mpaka itanyowa yokha ndi nthunzi. Kenaka ndinatakasa. Fungo limene linakwera pamenepo ndinali ndisanalimve chiyambire Okutobala.

Ndinkaganiza zopita nazo kuchipinda. Koma nditacheuka ndinapeza Tereza ataima pakhomo la kuseri, atagwira mphuthu, a Mwale ali kumbuyo kwake ndi khanda. Kunali kutuluka kwake koyamba m'masiku ambiri. Anakhala pampasa pakhonde. A Mwale anabweretsa nsima imene anaphika okha, yamibulu pang'ono. Tinapemphera. Tereza anatema mbamu, anasunsa, anaika m'kamwa. Ine ndinayang'ana kumpanda, poti sindikanatha kumuyang'ana nkhope. Ndinamva akutema yachiwiri. Yachitatu ndiyo ndinkaidikira, chifukwa a Mwale anati amalekezera pawiri. Inadutsa yachitatu, yachinayi, ndipo ndinasiya kuwerenga.

"Mchere mwachepetsa, ababa," anatero, misozi ikutsika koma dzanja lisakuima. "Ndiponso amayi ankaponyamo katsabola kamodzi kosaswa."

Ndinavomera kuti katsabolako ndinaiwala.

"Zatsalamo mumphikamo?"

Ndinamupakulira zonse. Kenaka ndinapita kuseri kwa bafa ngati ndikukataya madzi, n'kukhalako kanthawi.

Mkaka sunabwere tsiku lomwelo. Tinaphika mfutso tsiku lililonse, Tereza n'kuyamba kulandiranso phala, kenaka nsomba, kenaka nkhuku imene a Mwale anakagula kwa Abiti Juma nditawalondolera. Tsiku lachinayi m'mawa ndili pakhonde ndi kolona, ndinaona kuti china chake chasintha m'nyumbamo, koma sindinadziwe msanga kuti n'chiyani. Kunali chete. Ndinasuzumira pawindo n'kuona mdzukulu wanga atagona tulo pabere, kukamwa kuli mkaka.

Lamulungu lotsatira, titabwera ku tchalitchi, a Mwale anatulutsa botolo limene ankasungira tsiku lachisangalalo. Anati ndi vinyo wopangidwa mumzinda momwemo ndi gulu la amayi, kuchokera ku chidede. Ine ndatumikira ku sakaristiya zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndikuthira vinyo wa Misa m'kabotolo kake m'mawa uliwonse, koma kunja kwa guwa ndinali ndisanalawepo vinyo, ndipo mowa sindimwa. Ndinkaganiza kuti vinyo ndi chinthu chochokera kutali, cha ansembe ndi anthu olemera. Ndinafunsa kawiri ngati akunena chidede chomwechi chimamera kuseri kwa khitchini kwathu, chimene malemu ankaphika masamba ake ndiwo zikasowa. Anati chomwecho. Ndinalola kuti andithirire pang'ono m'kapu ya tiyi. Anali wofiira bwino, wowawasa poyamba, kenaka wotsekemera, n'kumatenthetsa pachifuwa pang'onopang'ono. Tereza sanamwe chifukwa choyamwitsa, anangonunkhiza n'kunena kuti amayi ake akanamva kuti ababa amwa vinyo wa chidede akanaseka mpaka kugwa pampando. Ndinamwa kapu imodzi yokhayo, ndipo sindikubisa kuti inakoma.

Ndinakhala masabata awiri. Pofika kumapeto Tereza ankaphika yekha mfutso, ine n'kumangokoleza mbaula. Chikwatu chinali chitafika theka, phulusa la ku Mozambiki litatsala pang'ono. Tsiku lonyamuka ndinapinda chitenje chija n'kuchiika pabedi pa Tereza. Anandiperekeza mpaka kumsewu, akuyenda yekha, mwana ali kumsana. Pamene minibasi inkaima anandiuza kuti chotsalacho achidya mosinira, koma sichifika chaka chamawa, ndiye ndidzabweretse china. Ndinati sindidziwa kumanga chikwatu. Anati chidulo nachonso sindinkachidziwa.

Ulendo wobwerera unali wa maola asanu ndi awiri okha, wopanda nkhani. Pa Mlangeni ndinayang'ana kumanja n'kuona nkhokwe ija, koma mayi uja sanali pakhonde. Nditafika kwathu ndinalowa m'khitchini n'kuyang'ana paphaso. Panatsala kaluzi kokha, kakulendewera. Ndinakasiya pomwepo. Achemwali anga alonjeza kuti mu Epulo adzandionetsa kamangidwe kake, ndipo mbewu ya khobwe ndaisunga m'botolo. Chimanga chimene chinatsala m'nkhokwe ndatonola sabata yatha. Zitsononkho zoyera ndazisankha, zili m'thumba kuseri kwa chitseko, ndipo moto ndikukolezera zina.